Agogo akasochera njira ya kwawo

Nkhani zotere timazimva pa wailesi, ndipo ena mwa ife tinazionapo ndi maso. Kunja kukucha, mayi wina watuluka ndi tsache kuti asese pabwalo, n'kupeza gogo wosamudziwa atakhala pakhonde kapena atagona kuseri kwa nkhokwe, nsalu itamasuka, mapazi ali fumbi lokhalokha. Akamufunsa kumene wachokera, gogoyo akutchula mudzi wakutali, kapena akuti akufunafuna amuna ake, amene pambuyo pake zimadziwika kuti anamwalira kalekale. Mfuu ikangomveka anthu amadzaza pabwalopo, ndipo mphindi khumi zisanathe chigamulo chimakhala chaperekedwa kale: mfiti yagwa pa ulendo wa usiku, kunja kwaichera. Akamupanikiza ndi mafunso, gogo uja amangovomera chilichonse. Munali pa lichero? Eya. Munali ndi anzanu? Eya. Kuvomera kumeneko n'kumene kumasanduka umboni womugendera miyala.

Munthu amene anaphunzira za ubongo akamva nkhani yomweyo amaona zina. Kudzuka usiku n'kuyamba ulendo wopanda kolowera, kuvula pagulu, kufunafuna anthu amene anatsogola, kuvomera zimene sunachite chifukwa mafunso akuchulukira: zonsezi zinalembedwa kale m'mabuku a zachipatala monga zizindikiro za matenda amene madokotala amawatchula kuti dimenshiya. M'Chichewa tilibe liwu limodzi lowatchulira. Ena amati matenda oiwalaiwala, ena amangoti ndi ukalamba, ena amati agogo abwerera ku umwana, ndipo ena amathamangira kunena kuti ndi misala. Dzina lililonse mwa amenewa lili ndi koona kwake, komanso lili ndi posocheretsa pake.

Kuiwala kwenikweniko si matenda. Aliyense amaiwala pamene wasiya khasu, ndipo wophunzira aliyense amadziwa za yankho limene limabwera m'mutu atatuluka kale m'chipinda cha mayeso. Munthu akamakula amachedwa kukumbukira dzina la mdzukulu, koma pakapita kanthawi dzinalo limabwera lokha. Dimenshiya ndi yosiyana ndi zimenezi chifukwa imalanda munthu luso loyendetsa moyo wake wa tsiku ndi tsiku, ndipo imapitirira kukula mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Mayi amene waphika nsima kwa zaka 60 amaima ndi mthiko m'manja osadziwa choyamba n'chiti. Bambo amene ankagulitsa thonje n'kumawerengera yekha ndalama amalephera kusiyanitsa K500 ndi K5,000. Wina amadya n'kukhuta, mbale zisanatsukidwe n'komwe akuuza alendo kuti mpongozi wake akumumana chakudya. Sakunama. M'mutu mwake chakudya chijacho sichinalembedwe.

Zimene zimachitika mkati mwa mutu

Mu November 1901, dokotala wina wa ku Germany dzina lake Alois Alzheimer anaona mayi wa zaka 51, Auguste Deter, pa chipatala cha odwala maganizo cha mumzinda wa Frankfurt. Mayiyu ankaiwala zimene wangouzidwa, ankasokoneza mawu, ndipo ankakayikira amuna ake popanda chifukwa. Atamwalira mu 1906, Alzheimer anaunika ubongo wake pa makina okuza zinthu ndipo anapeza zinthu ziwiri zachilendo: timibulu tolimba tounjikana pakati pa maselo a ubongo, ndi tiulusi topiringizana mkati mwa maselowo. Lero tikudziwa kuti zonse ziwirizi ndi mapuloteni amene thupi limapanga lokha koma asokonekera, ndipo amapha maselo pang'onopang'ono. Matenda amenewa anapatsidwa dzina la Alzheimer mu 1910. Chosatchulidwa kawirikawiri n'chakuti m'modzi mwa madokotala amene anagwira ntchito ndi Alzheimer ku Munich anali Solomon Carter Fuller, wobadwira ku Monrovia m'dziko la Liberia mu 1872, ndipo ndiye analemba nkhani yoyamba yofotokoza matendawa mwatsatanetsatane m'Chingerezi mu 1912. Choncho amene amati awa ndi matenda a azungu okha adziwe kuti mwana wa mu Africa analipo pachiyambi penipeni pa kuwafufuza.

Matenda a Alzheimer amakonda kuyambira pa kachigawo ka ubongo kotchedwa hippocampus, kamene ntchito yake ndi kusunga zinthu zatsopano. N'chifukwa chake agogo amatha kufotokoza bwinobwino za njala ya 1949 ndi maina a anzawo a ku chinamwali, koma osakumbukira kuti m'mawa uno kunabwera ndani. Zakale zinasungidwa nkhokwe isanabooke, zatsopano zikungotayikira pansi. Achibale ambiri amapusitsidwa ndi zimenezi, amati munthu wokumbukira zakale chotere sangakhale wodwala, akungochita dala.

Mtundu wina wa dimenshiya umabwera chifukwa cha kuonongeka kwa mitsempha ya magazi. Kuthamanga kwa magazi ndi matenda a shuga zimalimbitsa ndi kutseka timitsempha ting'onoting'ono, ndipo mbali zina za ubongo zimafa chifukwa chosowa magazi. Nthawi zina zimatsatira sitiroko yoonekeratu, yopha ziwalo. Nthawi zina ndi timasitiroko ting'onoting'ono timene munthu sazindikira n'komwe. Bungwe la World Health Organization limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi dimenshiya, oposa 60 mwa 100 aliwonse a iwo amakhala m'maiko osauka ndi otukuka pang'ono, ndipo chaka chilichonse pamaonjezereka odwala atsopano pafupifupi 10 miliyoni. Mtundu wa Alzheimer ndiwo wochuluka, pakati pa 60 ndi 70 mwa odwala 100 aliwonse.

Kafukufuku wa m'midzi ya ku Balaka

Ambiri sadziwa kuti zina mwa zimene dziko limadziwa zokhudza nzeru za anthu okalamba a kumidzi ya mu Africa zinachokera kwathu konkuno. Mu 1998, chaka chomwe Balaka inapatulidwa kuchoka ku Machinga n'kukhala boma palokha, akatswiri a ku University of Pennsylvania ku America, motsogozedwa ndi Susan Watkins, anayamba kufunsa mafunso mabanja a m'midzi ya maboma atatu: Rumphi kumpoto, Mchinji pakati ndi Balaka kumwera. Poyamba nkhani sinali ya ukalamba ayi. Ankafuna kudziwa momwe anthu amakambirana za kulera ndi za Edzi, ndipo anayamba ndi amayi pafupifupi 1,500 ndi amuna awo pafupifupi 1,000. Kusiyana kwa kafukufukuyu ndi ena n'kwakuti sanabwere kamodzi n'kupita. Ankabwereranso kwa anthu omwewo pakapita zaka zingapo, ndi mafunso m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Pambuyo pake ntchitoyi inatchedwa Malawi Longitudinal Study of Families and Health, ndipo inatsogoleredwa ndi Hans-Peter Kohler pamodzi ndi Iliana Kohler.

Zaka zinapita, mankhwala otalikitsa moyo anafika, ndipo amene anapulumuka zaka zoopsa zija anayamba kumera imvi. Mu 2012 ofufuzawo anasankha anthu 1,266 a zaka 45 kupita m'tsogolo kuti aziwatsatira mwapadera, ndipo anawayenderanso mu 2013, 2017 ndi 2018. Wina angadabwe kuti munthu wa zaka 45 akuchita chiyani pa kafukufuku wa okalamba. Koma kuti udziwe kuti mtsinje waphwa uyenera kukhala utauonapo uli wodzaza. Ukamuyeza munthu koyamba ali ndi zaka 75 n'kupeza kuti sakhoza bwino, sungadziwe ngati nzeru zatsika kapena ngati iye sanazolowere mafunso oterowo chibadwire. Ukamuyeza ali ndi zaka 50, kenako 55, kenako 60, ndiye kuti ukumuyerekeza ndi iye mwini.

Apa m'pamene panafunika katswiri wa mtundu wina, amene m'Chingerezi amamutchula neuropsychologist. Ameneyu sachita opaleshoni ndipo kawirikawiri salemba mankhwala. Ntchito yake ndi kuyeza momwe ubongo ukugwirira ntchito poona zimene munthu akutha kuchita: kukumbukira mawu, kutchula zinthu, kutsatira malangizo, kujambula, kusunga nambala m'mutu kwinaku akuchita china. Mbali iliyonse ya ubongo ili ndi ntchito yake, choncho mtundu wa zimene munthu akulephera umaloza kumene kuli vuto, monga momwe makaniko wodziwa amamvera kulira kwa injini asanaitsegule. Pa gulu la ofufuzawa panali Kathy Lawler, neuropsychologist wa ku Pennsylvania komweko, amene anali atagwirapo kale ntchito ku Gaborone m'dziko la Botswana, kuyeza momwe kachilombo ka HIV kamakhudzira kaganizidwe ka anthu. Zotsatira za ntchito imeneyo zinatuluka mu 2010. Panalinso Mmalawi, Pulofesa Chiwoza Bandawe, katswiri wa za maganizo wa ku College of Medicine ku Blantyre, yomwe tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Vuto limene anakumana nalo ndi losavuta kulimvetsa ngakhale kwa ife amene si madokotala. Chida chimene zipatala zambiri padziko zimagwiritsa ntchito poyeza dimenshiya ndi mafunso otchedwa MMSE, amene anakonzedwa ku America mu 1975 ndipo amakhala ndi mamalikisi 30. Mwa zina, wodwala amafunsidwa deti la tsikulo, amauzidwa kuti achotse 7 pa 100 n'kumapitiriza kuchotsa, awerenge chiganizo n'kuchita zimene chikunena, alembe chiganizo chake, akopere chithunzi cha zinthu ziwiri za ngodya zisanu zolowerana, ndiponso anene kuti ali pa nsanjika yachingati ya nyumbayo. Tangoganizani kufunsa zimenezi mayi wa ku Ulongwe amene sanapondepo m'kalasi, atakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Pensulo sanaigwirepo. Deti alibe nalo ntchito, koma amadziwa bwino lomwe kuti mawa ndi tsiku la msika, kuti Lachisanu ndi la ku mzikiti, kuti mvula yoyamba yatsala pang'ono. Amadziwa mibadwo inayi ya mbumba yake ndi malire a munda uliwonse wa m'mudzimo. Mayi ameneyu adzalephera mayeso aja, ndipo pepala lidzati ndi wodwala pamene ali bwinobwino. Cholakwa pamenepo ndi cha muyeso, osati cha woyezedwa.

N'chifukwa chake gulu lija linakonza mafunso akeake, otchedwa ICA, oyenerera anthu amene sanapite kusukulu kapena anangolawako. Nawonso ali ndi mamalikisi 30, ndipo amayeza mbali zisanu ndi imodzi: chilankhulo, kuzindikira nthawi ndi malo, kuona ndi kupanga maonekedwe a zinthu, kuika chidwi pa chinthu, kukonza ndi kutsata ndondomeko, ndi kukumbukira zinthu pakapita kanthawi. M'maiko ena a mu Africa akatswiri analimbana ndi vuto lomweli. Ku Ibadan m'dziko la Nigeria, kumene kafukufuku woyerekeza okalamba a kumeneko ndi a ku Indianapolis anayamba mu 1992, m'malo mojambula ndi pensulo anayamba kugwiritsa ntchito timitengo ta machesi: woyeza amayala timitengo tinayi m'maonekedwe ena ake, woyezedwa n'kutsanzira. Ku boma la Hai m'dziko la Tanzania, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro, anatengera njira yomweyo, ndipo amafunsanso munthu kuti atchule nyama zonse zimene angakumbukire m'mphindi imodzi. Kafukufuku wa ku Hai komweko anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse a zaka 70 kupita m'tsogolo anali ndi dimenshiya.

Zimene anapeza ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi zinasindikizidwa mu 2018 m'nkhani imene mlembi wake wotsogolera anali Collin Payne. Choyamba chinadabwitsa ofufuza eni ake: momwe nzeru zimatsikira munthu akamakula m'midzi yathu zikufanana kwambiri ndi momwe zimatsikira ku America. Ena ankaganiza kuti moyo wa kumudzi, wolima ndi manja, wodya zakumunda, umatetezeratu ubongo. Sizinaoneke choncho. Anapezanso kuti amene anakhoza pang'ono pa mafunso aja ndi omwenso ankadya mosakwanira, ankapeza ndalama zochepa, ankagwira ntchito pang'ono kumunda, ndipo ankavutika kwambiri ndi nkhawa ndi kukhumudwa. Matupi awo nawonso anali ofooka. Izi zikutsutsa maganizo akuti mlimi safuna mutu, amangofuna mikono. Kulima kumafuna kukumbukira nthawi yobzala, kusunga mbewu, kuwerengera feteleza, kudziwa amene unam'bwereka ndi amene anakubwereka. Mutu ukayamba kufooka, nkhokwe nayo imachepa. Mbali yolimbikitsa inali yakuti anthu okhala ndi anzawo ambiri, opezeka pa zochitika za m'mudzi, anaoneka ndi nzeru zakuthwa kuposa okhala kwaokha.

Chimene chinandikhudza ine kwambiri ndi cha amayi. Amayi anakhoza motsika kwambiri poyerekeza ndi abambo, ndipo kusiyana kwa achikulire ndi ocheperako msinkhu kunali kwakukulu pakati pa amayi. Si kuti ubongo wa mkazi unalengedwa wofooka. Tikumbukire kuti wamng'ono kwambiri pa gulu lija anabadwa cha mu 1967, pamene sukulu ya pulayimale yaulere inabwera mu 1994, nthawi ya Bakili Muluzi, mwana wa ku Machinga komweku. Mbadwo umenewu unakula fizi ikulipiridwa, ndipo pakhomo pakakhala ndalama ya mwana m'modzi, amene ankapita kusukulu anali mnyamata. Mtsikana ankatsala kusinja, kutunga madzi ndi kudikira chinamwali ndi banja. Mbali ina ya kusiyanaku ingakhale yakuti munthu wosaphunzira sazolowera kufunsidwa mafunso ndi mlendo wonyamula pepala, ngakhale mafunsowo atawakonza bwanji. Koma akatswiri a ubongo amanenanso za chinthu china. Kuphunzira kumachulukitsa njira zolumikiza maselo a ubongo, kotero kuti matenda akatseka njira imodzi uthenga umadutsa ina, monga mudzi wa tinjira tambiri sutsekeka ndi mtengo umodzi wogwa. Mtsikana amene akusiyira sukulu mu Sitandade 5 lero ku Ntaja kapena ku Nsanama sakungotaya ntchito ya m'tsogolo. Akulowa mu ukalamba wa zaka 50 zikubwerazo ndi chitetezo chochepa.

Tisasokoneze: kukhoza pang'ono pa ICA si kupezeka ndi dimenshiya. Mafunso otere amangoloza amene akufunika kuonedwa bwino. Kuti anene kuti awa ndi matendawa, dokotala amayenera kumva mbiri kuchokera kwa wachibale amene amakhala naye, kumuyeza thupi, ndi kuchotsapo kaye zifukwa zina.

Kalata ya BP

Pa kafukufuku yemweyo panachitika kanthu kena kooneka kakang'ono. Mu 2013 ofufuza anayeza BP ya anthu onse aja, ndipo amene inali yokwera kwambiri anapatsidwa kalata yoti apite nayo ku chipatala. Sanawapatse mankhwala kapena ndalama, koma kalata basi. Atabwerera mu 2017 anapeza kuti amene analandira kalata BP yawo inali yotsika poyerekeza ndi anzawo amene anali pafupifupi pa muyeso womwewo koma sanailandire. Zaka zinayi zitapita, pepala limodzi linali likugwirabe ntchito. Izi n'zofunika pa nkhani yathu chifukwa kuthamanga kwa magazi sikupweteka, munthu amayenda nako zaka zambiri akudziona wathanzi, pamene mitsempha ya mu ubongo ikuonongeka mwakachetechete.

Mu 2024 gulu la akatswiri losonkhanitsidwa ndi magazini ya zachipatala ya The Lancet, motsogozedwa ndi Gill Livingston, linatchula zinthu 14 zimene munthu kapena dziko lingathe kusintha, ndipo linati zonse zitathetsedwa, pafupifupi 45 mwa odwala dimenshiya 100 aliwonse akanapewa matendawa kapena akanawachedwetsa. Pa mndandandawo pali kusaphunzira, kuthamanga kwa magazi, shuga, mafuta oipa m'magazi, kunenepa kwambiri, fodya, mowa wambiri, kusachita zolimbitsa thupi, kukhumudwa, kukhala kwawekha, mpweya woipa, kuvulala m'mutu, kusamva ndi kusaona bwino. Owerenga ambiri a magazini ino adzapumira m'mwamba akaona fodya ndi mowa, poti zimenezo sazikhudza. Koma zatsala 12. Munthu akhoza kukhala wosalawa dontho la mowa moyo wake wonse n'kumayenda ndi BP yoopsa osadziwa. Za kuvulala m'mutu, taonani kuchuluka kwa njinga zamoto za kabaza pa Liwonde ndi pa Balaka, n'kuwerenga kuti ndi angati avala chipewa choteteza mutu. Za maso ndi makutu, gogo amene ng'ala yamuphimba kapena makutu agontha amasiya kucheza, amasiya kupita kumaliro ndi kutchalitchi, ndipo ubongo wosalandira mawu ndi zithunzi umafota msanga. Pamene ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi.

Palinso matenda amene amavala nkhope ya dimenshiya koma amachizika, ndipo inu amene mukuphunzira unamwino ndi udokotala muyenera kuwagwira pamtima. Lamulo losavuta ndi ili: dimenshiya imabwera mwapang'onopang'ono. Ngati agogo anali bwinobwino Lamlungu, pofika Lachitatu akubwebweta ndipo sakuzindikira ana awo, ameneyo si ukalamba. Akhoza kukhala malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, shuga wokwera kapena wotsika kwambiri, kapena magazi oundana m'mutu atagwa masabata apitawo. Wotere afunika chipatala tsiku lomwelo. Kukhumudwa kwakukulu, makamaka pambuyo pa maliro, kumachititsanso munthu wamkulu kuoneka woiwalaiwala. Chimodzimodzi kuchepa kwa vitamini B12, vuto la chithokomiro, chindoko chokhalitsa, ndi HIV yosalandira mankhwala. Tisaiwale kuti okalamba nawonso ayenera kuyezetsa magazi. Ndipo kwa ife odalira chimanga pali matenda a pellagra, obwera chifukwa chosowa vitamini wotchedwa niacin. Khungu limathetheka ndi kuda pamalo owombedwa ndi dzuwa monga m'khosi ndi m'mikono, munthu amatsegula m'mimba, kenako mutu umasokonezeka. Mu 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene anali kuno anadwala pellagra mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira. Nsima yokhayokha ya ufa woyera popanda mtedza, nyemba kapena nsomba ikhoza kusokoneza mutu wa munthu, ndipo okalamba okhala okha ndi amene amadya choncho miyezi ya njala.

Pakhomo pamene pali wodwala

Dimenshiya yeniyeni ilibe mankhwala ochiza. Alipo ena, monga donepezil, amene amachepetsa zizindikiro kwa kanthawi, koma saletsa matenda kupita patsogolo. Komabe kupita ku chipatala cha boma ku Liwonde kapena ku Balaka sikutaya nthawi. Kumeneko angayeze BP, shuga ndi magazi, angapeze zina mwa zochizika zija, ndipo pakafunika angatumize wodwala ku Zomba Mental Hospital. Chachikulu china n'chakuti banja limabwerako ndi dzina la vutolo. Mudzi ukamva kuti achipatala ati ndi matenda a ubongo, pakamwa pa onena za ufiti pamachepa mphamvu.

Zotsalazo zimachitikira pakhomo, ndipo ambiri amene amasenza mtolowu ndi ana aakazi ndi adzukulu, makamaka kuno kumene mwamuna amakalowa chikamwini ndipo mayi amakalambira pakati pa mbumba yake. Osamalira odwala otere amaphunzira kuti kutsutsana nawo sikuthandiza. Agogo akati akufuna kupita kwa amayi awo, kuwauza kuti amayi anu anamwalira kalekale ndi kuwapatsa uthenga wa maliro kachiwiri, ndipo mawa adzaulandiranso ngati watsopano. N'kwabwino kuwafunsa kuti amayi awowo anali munthu wotani, n'kuwasiya afotokoze mpaka mtima utakhazikika. Akati mwandibera ndalama, kulumbira sikuthetsa nkhani; kufunafuna nawo limodzi kumathetsa, ndipo kawirikawiri ndalamayo imapezeka pamfundo ya nsalu yawo yomwe. Zinthu zizikhala pamalo amodzimodzi, chakudya chizibwera nthawi yofanana, ndipo asamasiyidwe okha pamoto kapena pachitsime. Ambiri amasokonezeka kwambiri dzuwa likamalowa, choncho kuyatsa nyale msanga ndi kukhala nawo pafupi nthawi imeneyo kumathandiza. Kuwamanga ndi chingwe kapena kuwatsekera m'nyumba tsiku lonse kumangoonjezera mantha ndi ukali. Kuwapatsa ntchito yopepuka imene manja awo akuikumbukirabe, monga kusenda mtedza kapena kutola miyala mu mpunga, kumawakhazika pansi kuposa mapiritsi ogonetsa.

Nyimbo zimakhalitsa m'mutu modabwitsa. Munthu amene waiwala maina a ana ake amatha kuimba ndime zonse za nyimbo imene anaiphunzira ali mwana. Amayi a Dorika ndi achinyamata amene amayendera okalamba Sabata masana angachite bwino kudziwa zimenezi: mafunso akuti mwandizindikira kodi, ndine yani, amangomuchititsa manyazi wodwala, pamene kudzitchula dzina n'kuyambitsa nyimbo yakale kumamubweretsa pakati pa anthu. Woyendera asaiwalenso amene akusamalira wodwalayo. Mayi amene sanagone tulo tokwanira kwa chaka chathunthu safuna malangizo ambiri, amafuna munthu woti am'khalire ndi agogo masana amodzi kuti iye akapume kapena apite kumunda.

Si onse onamiziridwa ufiti amene amadwala dimenshiya. Ambiri amakhala anzeru zawo bwinobwino, mlandu wawo ndi imvi, umphawi kapena munda umene wina akuufuna. Mu January 2016, anthu anayi okalamba anaphedwa m'mudzi wa Chimbalanga ku Neno chifukwa chakuti mphezi inapha mtsikana wina. Koma wodwala dimenshiya ali pangozi yoposa, popeza zochita zake zimaoneka zachilendo ndipo sangathe kudziteteza ndi pakamwa. Lamulo la za ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, limene mabungwe monga MANEPO analimenyera nkhondo kwa zaka zambiri. Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma apolisi a ku Machinga kapena a ku Balaka sangakhale pabwalo lililonse m'bandakucha. Amene amakhalapo ndi ife, ndipo nthawi zambiri wophunzira amene ali patchuthi ndiye yekhayo pagulupo amene anamvapo za matendawa.

Ukapezeka pabwalo lotero, choyamba ndi kumufunditsa gogoyo nsalu, kumukhazika pansi ndi kumupatsa madzi, wina n'kuthamangira kwa amfumu ndi kuimbira apolisi. Afunsidwe ndi munthu m'modzi, motsitsa mawu, funso limodzi pa nthawi, ndipo lisakhale funso loyankha kuti eya kapena ayi. Za dzulo usiku sangazikumbukire, choncho kumufunsa kumene wagona n'kutaya nthawi. Mufunseni dzina la pa ubwana wake, mfunda wake, dzina la amayi ake ndi la mfumu ya kumene anabadwira, poti zimenezo ndi zimene matendawa amafufuta pomalizira, ndipo pagulu sipalephera kupezeka wodziwa mudzi umenewo. Mabanja ena amene agogo awo anasocherapo amasokerera kansalu kolembedwa dzina, mudzi ndi nambala ya foni mkati mwa malaya kapena m'mphepete mwa chitenje chilichonse chimene amavala.